Activity yafa kale, koma ntchito ikuigwirabe

Pa Android, munthu akangotembenuza foni, Activity (sikirini ya pulogalamu yomwe munthu akuona) imaphwasulidwa n'kupangidwa ina yatsopano. Ntchito yomwe inayamba kumbuyo, monga kukoka data pa intaneti, sidziwa zimenezi, imangopitiriza. Netiweki ikafooka, ntchito ya masekondi 2 imatha kufika masekondi 30, nthawi yonseyo Activity yakale ili m'manja mwake.

Chomwe chimapusitsa ambiri n'chakuti mutha kuigwira Activity osadziwa. Mu Java, inner class yosakhala static, ngakhalenso new Runnable() yolembedwa m'kati mwa Activity, imasunga mwakachetechete reference ya class yoizungulira. Garbage collector, yemwe amachotsa m'memori zinthu zosagwiranso ntchito, sangachotse Activity imeneyo, pamodzi ndi ma View (mabatani ndi zina zooneka pa sikirini) ndi zithunzi zake zonse. Tembenuzani foni kangapo ntchito isanathe, memori imadyeka, mwinanso mpaka OutOfMemoryError. Ntchito ija ikatha n'kufuna kuonetsa dialog (kabokosi ka uthenga) pa Activity yakufa, pulogalamu imagwa ndi BadTokenException. Mu Fragment (chigawo cha sikirini ya Activity) yochotsedwa kale, requireContext() imaponya IllegalStateException.

Kawirikawiri ntchito imapatsidwa Activity chifukwa ikufuna Context, khomo lofikira zinthu za Android, poti Activity nayo ndi Context. Tsono dzifunseni: Context ikufunika chifukwa chiyani? Ngati n'kutsegula database, kuwerenga SharedPreferences kapena kulemba fayilo, perekani getApplicationContext(). Imeneyi imakhala ndi moyo mpaka pulogalamu yonse itatsekedwa, kuisunga sikuwononga kanthu. Koma musaigwiritse ntchito pa dialog, ilibe windo yoti dialog ikhalepo.

M'makodi akale mudzapeza static class yokhala ndi WeakReference<Activity>. WeakReference ndi reference yosaletsa garbage collector kuchotsa Activity. Zimathandiza, bola mukaitana get() muyike zotsatira mu variable, muone ngati si null, kenako muonenso isFinishing() ndi isDestroyed(). Kungoona null sikukwanira, chifukwa Activity yophwasulidwa imakhalapobe mpaka garbage collector atadutsa. Kwa ine, WeakReference ndi chigamba chabe: zotsatira za ntchito zimatayika, Activity yatsopano n'kuyambanso kukoka zomwezo, bandulo ya intaneti ya munthu ikutha. AsyncTask, class yoyendetsera ntchito kumbuyo yomwe inkayenda ndi njirayi, inalengezedwa kuti ndi yachikale mu API 30, Android 11, mu 2020.

Njira yabwino n'kuika ntchito mu ViewModel (class yosunga data ya sikirini), pa viewModelScope, Activity izingomvetsera kudzera pa LiveData kapena StateFlow. ViewModel imapulumuka foni ikatembenuzidwa, n'chifukwa chake musaikemo Activity kapena View ngakhale pang'ono. Ntchito yoyenera kumalizika ngakhale munthu atatuluka mu pulogalamu ipite ku WorkManager, yomwe imapatsa Worker (class yogwira ntchitoyo) applicationContext yokha.

Handler, yomwe imasunga ma Runnable oti ayende pambuyo pake, nayo musaiiwale: mu onDestroy() itanani removeCallbacksAndMessages(null). Poyesa, ikani LeakCanary, chida chofufuzira zinthu zokakamira m'memori, pa debugImplementation, yambitsani ntchito, tembenuzani foni ili m'kati, muone ngati ikuwonetsani reference yomwe yakana kusiya Activity.