Tiyi wa ku Guangzhou ndi agogo awiri osalakwa

Amene munapitako ku Guangzhou ku China kukaoda katundu mukudziwa kuti ambirife timathera ku Xiaobei, ukangotuluka mu siteshoni ya metro ya Line 5 ija umakumana ndi a ku Nigeria, a ku Congo, a ku Mali, Aluya, aliyense ndi chikwama chake cha masampulo. Chakudya kumeneko sichivuta ayi. Kuli timalesitanti ta Asilamu togulitsa ma noodles a Lanzhou, aja mnyamata amachita kukoka ndi manja iwe ukuona, kuli a ku Xinjiang owotcha kanyenya wa nkhosa ndi buledi wawo wophwatalala uja, ndipo ukafunsa bwinobwino amakulozera mmwamba mwa mafulati komwe azimayi a ku West Africa amaphika fufu ndi jollof. Koma ma noodles mmawa, masana, madzulo, munthu umatopa nawo abale. Ndiye alamu anga omwe amakhala konko, amatithandiza zopakira katundu mu kontena, anati alamu simunganene kuti munafika ku Guangzhou musanadye dim sum, tizakudya ting'onoting'ono tomwera tiyi, mawa mulawirire ku Shangxiajiu. Iwo anali ndi kasitomala ku Sanyuanli ndiye ndinapita ndekha.

Ku Shangxiajiu ndi komwe kuli malo akalekale omwera tiyi, Tao Tao Ju akuti inayamba 1880, Lianxiang Lou 1889, agogo athu asanabadwe nkomwe. Ndinasuzumira pena nkupeza chimzere cha anthu odikira ndi timanambala mmanja, ine njala itandigwira kale, basi ndinangokwera masitepe a ina yapafupi pomwepo. Mkati phokoso lake eee, nkhalamba zokhazokha, ena ndi nyuzi zawo, akuoneka kuti anafika kalekale ndipo alibe pulani yochoka. Malo akachepa amakukhazika tebulo limodzi ndi anthu osawadziwa, ine anandiika pa tebulo lozungulira, la galasi lotembenuka pakati, pomwe panali agogo aamuna ndi agogo aakazi nawonso atangofika kumene.

Weita anabwera ndi tipoti, makapu, timbale, timitengo todyera tija ndi beseni la pulasitiki lopanda kanthu. Ine kuona beseni mtima unakhala pansi, ndinati kani anthuwa ndi olongosoka, amasamba mmanja asanadye. Ndipo ine ndinaleredwa bwino, sungasambe akulu ali pomwepo. Ndinadzuka, beseni dzanja ili tipoti dzanja ili, kuwerama pang'ono pamaso pa agogo aamuna nkuti, sambani agogo. Mchichewa momwemo, nanga ndikanati chani. Madala anayang'ana beseni, anayang'ana ine, anayang'ana nthunzi yomwe imatuluka pa mlomo wa tipoti, kenako anabisa manja onse kunsi kwa tebulo. Ine ndimvekere aaa ndi manyazi awa, ndiwaonetse. Kuthira padzanja langa.

Abale inu. Anali tiyi wongophulidwa kumene pamoto. Sindinakuwe, ndinangoti mayooo chamumtima misozi ili lengelenge, uku ndikumwetulira kuti dziko langa lisanyozeke.

Agogo aakazi anandilanda tipoti uja osayankhula, anatenga kapu yanga, kambale ndi timitengo, kutsukuluza zonse ndi tiyi yemweyo nkukhuthulira mbeseni muja, kenako zawo, kenako za amuna awo. Ndi mwambo umenewo wa ku Guangdong, chigawo chomwe kuli Guangzhou, ngakhale ziwiya zibwere zoyera bwanji amayamba azitsuka okha. Ine ndinangokhala ndwii ngati mwana wa ku nasale akumukonzera phala.

Ndinati ndibweze ulemu, ndiwathirire tiyi madala. Nditathira anagogoda tebulo ndi zala ziwiri, go go go. Ndinati ohoo yachepa, kuwonjezera. Go go go. Kuwonjezeranso. Iwo kumwako msanga kuti asatayike, ine kuthira, iwo go go go, mpaka chamumtima ndinayamba kudandaula kuti koma mdala uyu ndi wolamula bwanji, osanena ndi pakamwa bwanji. Tiyi anasefukira pa nsalu ya tebulo, agogo aakazi anachita kuvindikira kapu ya amuna awo ndi dzanja. Madzulo ake alamu ndi amene anandiuza, akugubuduka ndi phwete, kuti kugogodako ndi zikomo. Amati zinayamba ndi mfumu yakale ya ku China, Qianlong, yomwe inkayenda mobisa nkuthirira tiyi antchito ake, iwo posafuna kuyiulula pogwada anangopinda zala patebulo. Ndiye madala aja amangothokoza, ine nkumawamiza.

Nkhani ya chivindikiro nayo. Poti tiyi anali atandiotcha kale, ndinatsegula tipoti kuti azizireko. Posakhalitsa weita uyu, kuthiramo madzi owira, kutseka, kumapita. Nditsegulenso, uyu wabweranso ndi ketulo. Ndinayamba kumuyang'ana ndi diso loipa mwana wa eni ake, osadziwa kuti kumeneko ukasiya chivindikiro chotsegula ndiye kuti ukuitanitsa madzi ena. Ndipo ine kutaya zinthu sindimakonda, amene wabwera ndimamwa.

Zooda anandipatsa kapepala ndi pensulo kuti ndichonge, zonse mzilembo zawo, chithunzi olo chimodzi. Google kumeneko siyigwira popanda VPN ndiye foni inali yongonyamula. Ndinachonga mizere itatu yotsatizana nkupereka molimba mtima. Pasanathe nthawi timadengu tansungwi tinayamba kutera pagalasi paja, nthunzi ili tolotolo. Tina toyera toonekera mkati muli nkhanu zija amati shrimp, dzina lake har gow, tina siu mai, mabanzi ofewa a nyama ya nkhumba yotsekemera, kenako zipalapasiro! Zipalapasiro zenizeni abale, zofewa zoti fupa limangovuka lokha mkamwa, msuzi wake wofiirira. Apa nde ndinaiwala dzanja lopsa lija, timitengo ndinatiika pambali, kugwira ndi manja. Kunena zoona za kumeneko zimaposa zathu zapachiwaya, mundikhululukire. Ndimatembenuza galasi, kutola, kutembenuza, kutola, nkumadziyamikira kuti ndachonga mwanzeru, mpaka kuwakankhirako agogo kuti idyani nawo musaope. Iwo amangoyang'anizana.

Ndiye kunabwera zanga. Mbale zitatu za phala la mpunga. Mizere itatu ija yonse inali ya phala, lina la nsomba, lina la zamkati, lina muli dzira lakuda bii lomwe amalisunga mpaka kusintha mtundu. Weita anadinda kapepala kanga katatu, ndipo mpamene ndinaona kuti kapepala ka agogo kali ndi zidindo mbwee pomwe madengu awo onse ali mbali yanga opanda kanthu, mafupa a zipalapasiro ali mulu pamaso panga.

Ndinatenga kapepala kawo kuti ndilipire ndine, agogo aakazi anakagwira mbali inayo, kukokana ndithu, anthu a matebulo ena mpaka kutembenuka. Kumeneko kulimbirana bilu ndi nkhani yaikulu ndipo gogo ameneuja anali ndi mphamvu zodabwitsa. Anapambana ndi iwo, anangoloza foni pa QR code ndi WeChat ine ndikusanthula ma yuan mthumba la mkati. Ine ndinalipira phala langa, ndalama ya tiyi yomwe amawerengera pamutu pamutu, ndi kapaketi ka tishu komwe ndimayesa ndi kaulere. Phala lija anadya ndi iwo mbale ziwiri, la dzira lakuda anandisiyira ine ndipo anadikira mpaka ndimalize.

Tiyi yense uja anadzandikumbukira ndili mu metro, anthu thithithi, ndipo kuti ndikafike ku Xiaobei ndimayenera kusintha sitima kawiri.