Mmene tinachepetsera kapinga pa mpanda wathu ku Chalala

Nyumba zonse za pa mpanda wathu ku Chalala, mumzinda wa Lusaka ku Zambia, zimadalira borehole imodzi, ndipo pampu yake imayendera magetsi. Mu 2024 mvula inakanika, Pulezidenti Hakainde Hichilema n'kulengeza pa 29 February kuti chilalacho ndi tsoka logwera dziko lonse. Madzi atatsika ku damu la Kariba, komwe amapangira magetsi, magetsi ankangobwera mwa apo ndi apo. Thanki ikati yadzazako usiku, m'mawa payipi inali ili kale pa kapinga, kukhitchini mipope ili gwa. Ine pokhala mlembi wa komiti ya eni nyumba, anandisenzetsa ntchito yoona chochita ndi bwalolo.

Tinayambira pa msonkhano, ndipo apa ndi pamene panavuta kuposa pena paliponse. Nditangotchula zobzala maluwa okopa njuchi m'malo mwa kapinga, amayi ena achikulire a nyumba yapakona anandidula pakamwa: "A mlembi, mukufuna adzukulu anga azitupa nkhope?" Ndinati, "Ayi amayi, mng'oma sitiika. Njuchi yomwe ili pa duwa imakhala kalikiliki ndi ntchito, imalusa mukaiponda kapena mukayandikira chisa chake." Tinamvana zosiya kapinga pakati, pomwe ana amasewera mpira, n'kumuchotsa m'mbali mwa khoma ndi kuseri kwa poimika magalimoto. Zonse ndinazilemba m'buku la komiti, chifukwa mawu apakamwa amasungunuka anthu akaona dothi lofiira pomwe panali msipu.

Tisanagule mbande ngakhale imodzi, tinalondola madzi. Lusaka amalandira mvula pafupifupi mamilimita 800 pachaka, yochuluka kuyambira November mpaka March. Milimita imodzi ikagwa pa sikweya mita imodzi, ndi lita imodzi. Ndiye kuti denga la masikweya mita 100 limakhetsa malita pafupifupi 80,000, ndipo ife tinkangowaperekeza kumsewu. Tinakhota mapaipi a madenga kuti azithira m'maenje osaya, otakasuka ngati beseni, momwe madzi amaima kanthawi kenaka n'kulowa pansi. Maenjewa tinawatalikitsa ku maziko a nyumba ndi ku maenje a zimbudzi. Pansi pa Lusaka pali miyala ya laimu yokhala ndi ming'alu, moti chomwe mwathira pamwamba sichichedwa kufika pa madzi omwe mumamwa. N'chifukwa chake mankhwala opopera tinawaletseratu, osati chifukwa cha njuchi zokha.

Kapinga ndi wamakani. Mukasiya kamuzu kamodzi, mvula yoyamba kadzuka. Tinamukumba mu September, mizu n'kuiyanika pa dzuwa la October. Pomwe piki inkalira pa mwala, tinangoyala makatoni n'kuthira masamba pamwamba.

Posankha mbewu ndinatsata miyezi, osati kukongola. Nthawi ya dzinja tizilombo tonyamula mungu timadya paliponse. Njala yake imagwa m'chilimwe, tchire likapsa. Choncho ndinafuna zochita maluwa kuyambira May kupita m'tsogolo. Aloe ndiye mwini malo: amatulutsa maluwa ofiira mu June ndi July, kukuzizira, ndipo timbalame toyamwa timadzi ta m'maluwa sitichokapo. Tinaonjeza Leonotis (chitsamba cha maluwa a olenji), rosemary, mpungabwe, ndi nandolo m'mbali mwa khoma, yemwe safuna kuthirira komanso amatipatsa ndiwo. Amene sadziwa kukula kwa chomera angachite bwino kukayenda ku Munda Wanga, malo osungirako zomera zamitundumitundu ku Chilanga, kuti akaone zina zitakhwima asanaziike pafupi ndi zenera. Ndinkalakalaka msangu, poti umaphuka masamba ndi maluwa mitengo ina itayoyola, koma ndi chimtengo chosayenera pakati pa nyumba zothithikana.

Ogulitsa mbande m'mbali mwa msewu adzakulozerani Lantana, n'kunena kuti agulugufe amaikonda. Sakunama. Koma mbalame zimamwaza njere zake, ndipo ikalowa m'tchire imaphimba zomera zina zonse. Ikaneni.

Tinabzala mu December, nthaka itanyowa bwino, kuti mvula itithiririre yokha mpaka mizu igwire. Zofuna madzi ambiri tinaziika m'maenje aja, aloe pamtunda pouma, chifukwa akakhala m'chithaphwi amawola.

Kenaka kuphimbira. Bambo amene amatisamalira bwalo anazolowera kusesa mpaka pansi pawale, masamba n'kuwatentha. Ndinawapempha kuti, "Bambo, masambawa aziyalidwa m'tsinde mwa mbewu, osawaotcha." Anaseka, amvekere chiswe chidzatithokoza. Chimadyadi, ndipo timangoonjezera ena. Chachikulu n'kusagunditsa masambawo ku tsinde kapena ku khoma la nyumba. Mu October mukapisa chala pansi pa masambawo mumapeza chinyontho, pamene pambali pake dothi likuotcha phazi.

Pakona ina tinasiya chipika chouma cha bemberezi, amene amaboola mtengo n'kukhala momwemo. Ndi iye amene amanyamula bwino mungu wa magalagadeya, ndipo mukamuona akutuluka m'duwa msana uli mbuu ndi ufa wachikasu, mudziwe kuti zipatso zikubwera. Pafupi tinaika mbale ya madzi yokhala ndi timiyala kuti njuchi ziziterapo osamira. Madziwo timataya n'kuthira ena pakapita masiku awiri kapena atatu, udzudzu usanapezerepo mwayi.

M'chilimwe timathirira ndi timapaipi todontheza, tochokera ku thanki yomwe ili pamwamba, ndiye kuthima kwa magetsi sikutiimitsa. Timatsegula m'mamawa, madzi alowe mozama, kenaka n'kudikira dothi liume. Eni mashopu ndi maofesi okhala ndi madenga aakulu angatsate ndondomeko yomweyi, ndipo iwo madzi a padenga ali nawo ochuluka kuposa ife. Kwathu nkhani yomwe yatsala pa msonkhano ukubwerawu ndi ya otsuka magalimoto ndi payipi Loweruka m'mawa.