Ulusi wa ku Joni pa doko la Kachulu

Alamu anga a ku Joni akafuna kutumiza mphatso safunsa. Anzanga amalandira mabulangete ndi mafoni, ine ananditumizira ndodo yowedzera yolumikiza pakati, reel yonyezimira (kachipangizo kokulungira ulusi pa ndodo), ndi ulusi wobiriwira umene amautcha braid. Ulusiwu ndi wolukidwa ndi tinkhosi tambirimbiri, ndi wowonda kuposa nayiloni, sutamuka, komanso ndi woterera koopsa. Pa foni anangoti, "Mlamu, umenewo ngakhale ng'ona mukoka." Zina zonse sananene, ndiye mlandu wonsewu ndi wawo.

Usiku ndinaumangirira ulusiwo pachitsulo penipeni pa reel, n'kukulunga wonse mpaka kudzaza thoo kukamwa, poti chinthu chogulidwa ndi marandi sungasiye china m'bokosi. Mwana wanga ndiye anagwira mpukutuwo pa pensulo, maso ali pa TV, ulusi ukungolowa wolendewera.

Loweruka ndinatsika pa Kachulu nditavala chipewa ndi magalasi akuda. Unali mwezi wa Juni, mwera ukuwomba kuchokera m'nyanja ya Chilwa kubwera kumtunda. Amayi oyanika matemba anasiya ntchito. Ana owedza ndi timabango anandizungulira. Ndinatsegula kawaya kopindika kotsekera ulusi pa reel, n'kuponya ndi mphamvu zonse, moyang'anizana ndi mphepo, kanyambo kake kopepuka.

Panamveka kuti "tswee", kenako "thi!" Nyambo inagwera pamapazi panga pomwepa. Pakati pa ndodo panalendewera chimpiringidzo chobiriwira ngati chisa cha mpheta. Kamnyamata kena kanafunsa mwaulemu kuti, "Ankolo, umenewo ndi ukonde wamakono?"

Ndinakoka kuti chimasuke, mfundo zinangolimba. Ndinati ndidule ndi mano monga timachitira ndi nayiloni. Abale, braid samuluma. Anandilowa pakati pa mano n'kundisiya nditawerama, ndodo ili kukhwapa, nkhope itamangiriridwa ku ulusi wanga womwe, pamaso pa doko lonse.

Anandipulumutsa ndi madala ena amene ankasoka ukonde pansi pa bwato lovundikira. Anati paunyamata wawo ankanyamulira katundu azungu owedza nsomba za trout kuphiri la Zomba, cha ku Mulunguzi. Anadula ulusiwo ndi lumo, n'kuyang'ana reel ija akupukusa mutu.

"Achimwene, mwadzazitsa. Muzisiya kampata kukamwa kuno, mamilimita awiri kapena atatu, apo ayi ulusi umatuluka mipukutu ingapo nthawi imodzi. Ndipo anakulunga ndani molobodoka chonchi? Pokulunga mumaufinya ndi kansalu konyowa kuti ukhale wothina. Mukaponya, kawayaka muzitseka ndi dzanja, osati ndi chogwirira, kenako kokani ulusi uwongoke musanayambe kupukusa. Kakhwinya kamodzi kakabisala pansi, poponya kotsatira kamatuluka ndi anzake onse. Mphepo ikakhala chonchi ipatseni msana kapena ponyerani pansipansi."

Ndinayankha kuti zonsezo ndimazidziwa, ndimangoyesa ulusi. Iwo anangoti "Chabwino, bwana," akupinda chimpiringidzo chija n'kuika m'thumba mwawo. Pafupifupi theka la marandi a alamu linapita kukasoka ukonde.

Zoona, ulusi utachepa zinthu zinayenda. Ndinaika pambedza nyongolotsi ya ana aja, mphepo ndinaipatsa mbali, kawaya ndikutseka ndi dzanja mobisa kuti madala asaone kuti ndikutsatira. Posakhalitsa ndodo inapindika. Mlamba! Unathamangira kumabango, ulusi ukutuluka osalira n'komwe. Ndinapukusa chogwirira, thukuta kamukamu, ana akukuwa. Ndinapukusa, ndinapukusa, nsomba osasendera ngakhale phazi limodzi. Mpukutu wonse unkangozungulira pachitsulo.

"Simunayale nayiloni pansi?" anakuwa madala. "Ameneyo pachitsulo sagwira! Mumayamba nayiloni pang'ono, kapena tepi, ndiye braid pamwamba!"

Nthawi ya sukulu inali itatha. Ndinaponya ndodo pansi n'kukulunga ulusi kudzanja kuti ndikoke mwachimuna. Mlamba unagwedeza mutu kamodzi, ulusi unandicheka chala, ndinausiya ndikuvina ndi mwendo umodzi, n'kutereka m'matope a Chilwa chogona chagada. Podzuka magalasi kulibe, mlamba kulibe, mfundo ya pambedza itasololoka yokha.

Apa m'pamene foni inalira. Alamu akufuna chithunzi cha nsomba yoyamba. Ndinabwereka mlamba wa kamnyamata kachipongwe kaja, kanandilipiritsa ndalama ya mandasi awiri, n'kundijambula ndikumwetulira, chala chodulidwacho nditabisa kumbuyo. Yankho linabwera ndisanasambe n'komwe: "Zikomo mlamu, ndi waukulu ndithu. Koma milamba ya ku Chilwa masiku ano ikumatuluka m'madzi itamangidwa kale luzi kukamwa?"