Ndisinthe 70-300 yanga ndi wide? Zomwe ndatulukira pamchenga ku Senga Bay

Dzulo madzulo ndinali ku Senga Bay nditakhala pamchenga kumaseka ndekha, asodzi omwe amasoka maukonde chapafupi kumandiyang'ana kuti kodi mkuluyu wamwa chani. Sindinamwe kalikonse amangwetu. Ndimangoyang'ana zithunzi ziwiri kumbuyo kwa kamera, ndiye chinthu chomwe chakhala chikundizunguza mutu kwa zaka ziwiri zathunthu chinangoti mbee.

Chiyambi chake nchakuti mnzanga wina wa ku Nkhotakota ali ndi lenzi ya kamera ya Nikon ya mamilimita 10-20, ija ya mtundu wa AF-P, yomwe timati wide chifukwa imatenga malo aakulu pa chithunzi chimodzi, ndipo akufuna tisinthane ndi 70-300 yanga yojambulira zakutali, kungosinthana basi popanda wina kuwonjezera ndalama. Iyeyo wayamba kutengeka ndi mbalame za ku Chia ndiye wide ikungogona m'chikwama, pomwe ine kandalama kanga kojambula kamachokera ku zinkhoswe ndi maukwati. Wandipatsa mpaka kumapeto kwa mwezi uno kuti ndimuyankhe. Za aperture ndi ISO sindilowamo, amene mwafika pano mukuzidziwa kale, ine yanga ndi ina.

Chomwe chimandiopsa chinali ichi. Pali chithunzi chomwe makasitomala amachikonda kwambiri, mkwatibwi ataima m'mphepete mwa nyanja chilumba cha Namalenje chili kumbuyo kwake chachikulu ngati angachikhudze ndi dzanja. Ine mumutu mwanga ndimati matsenga amenewo ali mkati mwa 70-300, kuti magalasi ake amakoka za kutali nkuzipanikiza pamodzi, ndipo wide imachita zosemphana, imakankhira zinthu kutali nkutupitsa anthu mphuno. Ndi momwe tinaphunzitsidwira, ndi momwenso aliyense amayankhulira mu gulupu lathu la WhatsApp. Ndiye ndimati ndikapereka lenziyi ndapereka chithunzi chimenecho mpaka kalekale.

Dzulo ndinamutenga mphwanga kuti akandiimire, ndinamunyengerera ndi chipisi. Ndinamuimika pafupi ndi madzi, bwato lili kumbuyo kwake, chilumba kutsidya uko. Ndinajambula mzere pamchenga ndi phazi nkuimapo osasuntha. Chithunzi choyamba ndinajambula ndi kit lens, lenzi ija imabwera limodzi ndi kamera, nditaiika pa mamilimita 18, kenako ndinasintha lenzi nkujambula pa 70, malo omwewo. Kenako ndinatsegula cha 18 chija nkumachikuza pa screen mpaka mphwanga akule mofanana ndi momwe alili pa cha 70. Abale inu. Chimodzimodzi! Bwato kukula kwake komweko poyerekeza ndi mutu wa mwanayo, chilumba malo omwewo pamwamba pa phewa lake. Kusiyana kwake nkoti chokuzacho chinali chosweka madontho ndipo kumbuyo kunali kosafifitika ngati pa chinzakecho, koma kukula kwa chinthu ichi poyerekeza ndi icho, palibe chinasintha ngakhale pang'ono.

Ndiye kuti si lenzi. Ndi pomwe waima.

Ndinabwereza kanayi chifukwa sindimakhulupirira, mpaka mwana anayamba kunyinyirika kuti achimwene chipisi chija chizizira. Kenako ndinatola kamtengo nkuwerengetsera pamchenga pomwepo, ndipo apa mpomwe ndinayamba kuseka. Tiyerekeze mwanayo ali mamita 2 kuchokera pomwe ndaima, bwato lili mamita 10 kumbuyo kwake. Kwa ine bwato lili pa mamita 12, kutalika kasanu nkamodzi kuposa mwanayo, ndiye lioneka kakang'ono. Tsopano ndibwerere m'mbuyo mpaka mwanayo akhale pa mamita 30. Bwato silinasunthe, lili pa mamita 40 kwa ine, ndiye 30 ndi 40 sizikusiyana kwenikweni, awiriwa ayamba kuoneka ngati ali pamodzi. Nanga chilumba? Chilumba chili kutali kwambiri moti mamita 28 omwe ndayenda aja kwa icho si kanthu, kukula kwake m'maso mwanga sikunasinthe. Amene wachepa ndi mwanayo, wachepa ka 15. Ndiye ndikazuma kuchoka pa 18 kufika pa 270, komwe ndi ka 15 komweko, mwana amabwerera msinkhu wake wakale mu chithunzi koma chilumba nacho chakula ka 15. Matsenga onse aja ndi amenewa. Miyendo yachepetsa mwana, lenzi yangokuza zonse mofanana, ilibe tsankho.

Ndikudziwa ena muti zimenezi nzachidziwikire. Chabwino, kwa inu. Ine zanditengera zaka ziwiri ndi mchenga wodzadza mu nsapato.

Za mphuno nazo ndi nkhani yomweyo. Ukamajambula selfie foni ili masentimita 30 kuchokera pa mphuno, makutu ali cha pa 40, ndiye mphuno ilekerenji kuoneka ngati mbatata. Ukaima mamita atatu, mphuno pa 300 makutu pa 310, nkhope imakhala bwinobwino ngakhale lenzi ikhale yomweyo. Wide siyitupitsa munthu mphuno, imangokunyengerera kuti usendere pafupi chifukwa munthuyo akuoneka wamng'ono mu frame, iwe nkusenderadi. Koma chilungamo ndinene, pali chimodzi chomwe wide imachitadi yokha, anthu a kumapeto kwenikweni kwa chithunzi amatambasuka, mutu wozungulira umakhala ngati dzira. Ngakhale pa 18 ndinazionapo, pa chinkhoswe china azakhali a mkwati ndinawaika kumapeto kwa mzere ndipo atalandira chithunzi anandifunsa kuti mwanawe ndine ameneyu kapena wandiwonjezera thupi. Pa 10 ndiye zikhala zoposa apo, akuluakulu ofunika uziwaika pakati.

Tsono mukaona, funso lomwe ndimadzifunsa masiku onsewa linali lolakwika. Ndimafunsa kuti ndi lenzi iti yomwe imatulutsa zithunzi zokongola. Funso lenileni nlakuti ndi kuti komwe miyendo yanga singathe kupita, kutsogolo kapena kumbuyo?

Pa chinkhoswe vuto limakhala kumbuyo. Bwalo laling'ono, tenti, mipando, mpanda wa njerwa uli pamsana pako, amayi akuvina akubwera ndi mphatso ndipo ankhoswe akufuna mbali zonse ziwiri zioneke pa chithunzi chimodzi. Ubwerera kuti? Kamera yanga ndi Nikon D3400, sensa yake ndi yaing'ono moti nambala ya lenzi umaichulukitsa ndi 1.5, ndiye 70 ija imaona ngati 105 ya pa kamera ya sensa yaikulu (full frame), 300 ngati 450. Mu tenti lenzi imeneyo ndi katundu chabe, umangojambula ndolo ndi mphete. 10-20 imakhala ngati 15 mpaka 30. Ndipo china chomwe sindimachidziwa, manambala a kumunsi kuno amanyenga. Kuchoka pa 18 kufika pa 10 ukhoza kuti ndi mamilimita 8 okha, koma pa 18 kamera imaona madigiri 76 pomwe pa 10 imaona 109. Kumtunda uko ukachoka pa 250 kufika pa 300, mamilimita 50 athunthu, kusintha kwake nkochepa zedi. Pa 300 umaona ka madigiri 5 kokha, ngati ukusuzumira pa bowo la kiyi.

Koma kutsogolo nako kuli malo omwe miyendo imakana. Ku malo osungirako nyama a Kuti mbidzi sizikudikira kuti usendere. Nkhwazi ikakhala pamwamba pa mtengo kapena ikatsika kudzatola nsomba, uyenda pamadzi? Ndipo ku nkhalango ya Nkhotakota, komwe a African Parks anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, ndani angatsike galimoto kuti ndikufuna ndiyandikire ndili ndi wide. M'mbali mwa Bua muli ng'ona, sindikusewera nazo. Ndinaganizapo kuti popeza ndatulukira kuti kuzuma ndi kudula chithunzi nchimodzimodzi, bwanji ndizijambula pa 55 ya kit lens nkumadula pa kompyuta. Ndinawerengetsera, mtima unagwa. Kamerayi ili ndi ma megapixel 24, ukadula cha pa 55 kuti chifanane ndi cha pa 300 umatsala ndi osakwana ngakhale imodzi. Pa status ya WhatsApp mwina chingadutse, koma kuchitsuka kuti chikhale pakhoma ayi ndithu. Mbali inayo nayo, chomwe sichinalowe mu frame sungachibweze. Panorama, kulumikiza zithunzi zingapo kukhala chimodzi, imatheka ukamajambula nyanja kapena phiri, osati anthu akuvina, wina amatuluka ndi mikono itatu.

Chomwe chinandifikitsa pamchenga paja ndi njira ya selotepi, ndipo ine ndikunenetsa kuti njira imeneyi ikuposa kosi iliyonse yomwe mungalipire. Umamata ring ya zoom pa nambala imodzi, sabata yonse osaimatula, zivute zitani. Ine ndinamata pa 18. Tsiku loyamba dzanja limangopita lokha kukapotokola, nkupeza tepi. Tsiku lachitatu ndinazindikira kuti ndayamba kuyenda, kugwada, kukwera pa njerwa, ndipo zithunzi za pa msika wa ku Kamuzu Road zinayamba kusintha maonekedwe chonsecho lenzi sinasunthe. Mpamene funso linabadwa, kuti ngati lenzi ili pamodzimodzi nanga chikusintha nchani? Aliyense wogula kamera azimupatsira limodzi ndi selotepi, ndatero ine. Mnzanga wina anandiuza kuti ndikukokomeza, iye anayesa nkuphonya zithunzi za ubatizo wa mwana wa mlongo wake mpaka pano sakuyankhulitsana bwino. Chabwino, osamata tsiku la ntchito, koma njirayo payokha ilibe vuto.

Chomwe chikundiwawa nchoti ndinalipira ndalama kuti ndiphunzire zimenezi. Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri ndimadzuka usiku kukwera minibasi ya ku Lilongwe, kukakhala m'kalasi, aphunzitsi akuwerenga ma slide. Anatiuza kuti telephoto, lenzi yojambulira zakutali, imapanga compression, kupanikiza zinthu pamodzi kuja, tinalemba. Ndinakweza dzanja kufunsa kuti zimatheka bwanji, anati ndi momwe lenziyo inapangidwira, tipitirize nthawi yatha. Kamera zinali m'zikwama, panja panali bwalo lalikulu, akanangotitulutsa mphindi 10 nkumuimika mmodzi wa ife pafupi ndi mtengo zikanatha tsiku lomwelo. Sindikuti samadziwa kujambula, zithunzi zawo zinali zabwino kwabasi, koma kudziwa kuchita ndi kudziwa kufotokoza ndi ntchito ziwiri. Mavidiyo a pa YouTube nawo munthu amayamba ndi moni wa mphindi zitatu, kenako kutsatsa malonda, bandulo nkutha asanafike pa mfundo.

Ndiye pali nthawi. Kuno nyanja ili kum'mawa, dzuwa limatulukira pamadzi, kuwala kokoma ndi kwa mbandakucha asodzi a usipa akamakocheza. Ine nthawi imeneyo ndimakhala ndikukonzekera kukatsegula shopu ya abwana, Lolemba mpaka Loweruka masana, ndiye kuphunzira kwanga ndi kwa Lamulungu ndikaweruka ku tchalitchi dzuwa lili paliwombo, kuwala koipa kuposa konse. Nyengo ya mwera ndiye usanene, pa 300 umafunika shutter yothamanga, 1/500 ya sekondi kapena kuposa, kuti chithunzi chisagwedere, mphepo ikukukankha, mchenga ukulowa paliponse ndipo ukuopa kusintha lenzi kuti fumbi lingakhale pa sensa.

Chinanso, ndisadzinamize kuti wide ithetsa vuto la mdima m'matchalitchi. 10-20 imeneyi ndi f/4.5-5.6, yanga ndi f/4.5-6.3, zonse ndi zamdima, flash ifunikabe. Ndipo wina amene akuganiza zosinthana ngati zathuzi aonetsetse kaye kamera yake, ma lenzi a AF-P sagwira pa D3100 ndi D3200, ungasinthe nkukalira kunyumba.

Usiku ndinatsegula laputopu nkuyang'ana zithunzi zanga za chaka chino kuti ndione nambala zomwe ndimajambulira kwambiri. Za ntchito zambiri zili pa 18 penipeni, kusonyeza kuti ndimapotokola mpaka ring kugunda ndikufunabe malo ena. Zimenezo zikuti tenga wide. Za pa 300 nzochepa, mwina chifukwa ku Kuti ndimapitako kawiri pa chaka. Koma vuto nlakuti zithunzi zitatu zomwe ndinatsukitsa nkupachika kuchipinda kwanga, zonse ndi za pa 300, nkhwazi, bwato la tanga pakati pa nyanja, ndi mtambo wa nkhungu ukufuka pamadzi ngati utsi. Palibe anandilipirapo ngakhale tambala pa zitatuzi.

Chithunzi cha mkwatibwi ndi chilumba chija tsopano ndadziwa kuti nditha kuchiyandikira ndi 55 nditaima patali nkudula pang'ono, sichifika penipeni koma kasitomala sangadandaule. Ndiye mantha aakulu aja achoka. Otsalawa ndi ena omwe sindikuwamvetsa bwino, kaya ndi nzeru kaya ndi kukakamira chabe chinthu chomwe ndinachisungira ndalama miyezi isanu ndi iwiri. Nthawi zina ndimaganizanso kuti mwina 18 ikukwana kale, vuto ndi ine amene sindinaphunzire kukonza anthu pa mzere. Mnzanga wa ku Nkhotakota uja waimba m'mawa uno, ndamupempha andibwereke 10-20 yo pa chinkhoswe cha Loweruka ku Khombedza, iye atenge yangayi apite nayo ku Chia. Wavomera, koma wati akajambula mbalame imodzi yokha yooneka bwino ndiiwale, sabweza. Kaya mwina ndalakwitsa kumupatsa mpata umenewo.