Kubwerera ku koleji ndili ndi zaka 44

Pepala la mayeso oyamba litabwera ndinalipinda n'kuliponya pansi pa chikwama, kunyumba sindinauze munthu. Ndinali nditawerenga usiku uliwonse kwa milungu itatu, kuyambira 9 koloko ana akagona mpaka maso kuyabwa, koma ndinalakwa ndithu. Panali patadutsa zaka 22 chichokereni m'kalasi, ndipo mumtima ndinangoti basi, mutu wakalamba, ndalama za fizi ndikungotaya.

Amene anandithandiza ndi mtsikana wa m'kalasi mwathu, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Anandifunsa kuti, "Amayi, kodi mumawerenga bwanji?" Ndinamuuza kuti mutu uliwonse ndimauwerenga katatu, ndikulemba mizere kunsi kwa mawu ofunika. Iye anaphimba tsamba ndi dzanja lake, nati, "Tandiuzani zomwe zili apa." Ndinatulutsa ziganizo ziwiri zokha, tsamba lomwe ndinali nditaliwerenga dzulo lake.

Kuwerenga mobwerezabwereza kumanamiza. Maso amazolowera mawu, iwe n'kumayesa wadziwa, chonsecho chimene mayeso amafuna ndi kutulutsa zinthu m'mutu buku lili chitsekere. Nditafufuza ndinapeza kuti nkhaniyi ndi yakale. Mu 1885 katswiri wofufuza za kukumbukira, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany, anasonyeza kuti zambiri zomwe taphunzira timaziiwala m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, kenaka kuiwalako kumachepa liwiro. Mu 2006 akatswiri awiri a ku America, Roediger ndi Karpicke, anayerekeza ophunzira obwereza kuwerenga ndi ena odziyesa okha pokumbukira zomwe awerenga osayang'ana. Patapita mphindi 5 obwerezawo anali patsogolo, koma patatha mlungu odziyesa aja ndiwo anakumbukira zambiri. Izi zinandikhudza kwambiri, chifukwa anthu anayesedwawo anali achinyamata. Ndiye kuti vuto langa silinali zaka zokha ayi.

Ndinasiya kuwerenga usiku. Munthu woti wagwira ntchito tsiku lonse, 10 koloko amangoyang'ana buku, ndipo tulo tomwe akudzimanato n'tomwe timakhazikitsa zophunzira mu ubongo. Tsopano ndimadzuka 5 koloko, n'kuphunzira mphindi 40 basi. Ndimalemba funso kutsogolo kwa kakhadi, yankho kumbuyo. Masana kuntchito nthawi yopuma ndimatulutsa makhadi khumi. Lomwe ndalakwa limabweranso mawa, lomwe ndakhoza limadikira masiku atatu, kenaka mlungu.

Achinyamata amandiposa liwiro, zimenezo n'zoona, makamaka pa kompyuta. Koma tsiku lomwe aphunzitsi ankafotokoza za kutsika mtengo kwa katundu wa kampani chaka ndi chaka, anzanga ankaloweza fomula, pamene ine ndinkaona galimoto ya kuntchito kwathu yomwe ndinailemba m'mabuku ili yatsopano, n'kudzailembanso tikuigulitsa itatheratu. Tsiku limenelo mtsikana uja ndiye anabwera kudzandifunsa ine.

Chimene chimandipweteka mpaka pano ndi Loweruka, ndikakhala pa mabuku. Mwana wanga wamng'ono amaima pakhomo la chipinda mpira uli m'manja, osayankhula, n'kubwerera yekha. Ndinakambirana naye kuti Lamlungu masana ndi ake, buku sindiligwira, ndipo pangano limeneli ndimalisunga ngakhale asayimenti itandipanikiza chotani.

Mayeso achiwiri ndinakhoza. Madzulo ake ndinatulutsa pepala loyamba lija m'chikwama, ndinawayala onse awiri patebulo, n'kuitana ana kuti adzaone.