Namzeze, sabata yachitatu: tafika pa malita 5.3

Usiku wathawu Namzeze, galimoto yanga ya mu gemu ya pa kompyuta, wathamanga makilomita 222 pa ola, ndipo gemu ikuonetsa kuti akumwa malita 5.3 pa makilomita 100 aliwonse. Kwa ife amene tinazolowera kufunsa kuti galimoto ikuyenda makilomita angati pa lita, ndiye kuti pafupifupi 19. Mlingo womwe ndinadziikira ndi 20. Sindinafikepo, koma ndikupaona.

Kwa amene mwandipeza kumene, Namzeze ndi galimoto ya zitseko ziwiri yomwe ndikupanga mu Automation, gemu ya kampani ya Camshaft Software ya ku New Zealand. Mu gemuyi umasankha wekha chilichonse, kuyambira kukula kwa pisitoni mpaka m'lifupi mwa tayala. Chaka ndinasankha 1999, ndipo ndinachita dala. Chaka chimenecho Honda inatulutsa Insight yoyamba, ya bodi ya aluminiyamu, injini ya masilinda atatu, ndi Cd ya 0.25, nambala yomwe imasonyeza mmene galimoto imang'ambira mphepo. Koma Insight inali ndi mota ya magetsi yothandizira injini, ndipo sinapangidwire liwiro. Ine ndikufuna petulo yekha, liwiro loposa 220, kuchoka pa 0 kufika pa 100 masekondi 8 asanakwane, ndi makilomita 20 pa lita.

Sabata yoyamba ndinayamba ndi kainjini ka lita imodzi, masilinda atatu, n'kuikapo turbo. Ndinkaganiza kuti injini ikachepa, ludzu nalonso lichepa. Zotsatira zinali malita 6.7. Kuti kainjini kotere katulutse mphamvu ya mahatchi 140, turbo iyenera kukankha mpweya wambiri, ndipo ikatero injini imayamba kugogoda, kutanthauza kuti petulo akuphulika nthawi yake isanakwane. Kuti kugogoda kuthe ndinatsitsa compression (mlingo womwe pisitoni imapanikizira mpweya ndi petulo), ndinawonjezeranso mafuta mu mpweya kuti mkati muzizire. Zonse ziwirizi zimadya petulo. Komanso pansi pa 3000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) galimoto inkakhala ngati ili mtulo, kenako n'kudzidzimuka. Ma turbo a masiku ano ndi ena, koma mu 1999 wa mu gemu njira imeneyi sinandipindulire.

Ndinaitaya injiniyo n'kuyambanso. Yatsopanoyi ndi 1.5, masilinda anayi, mavalavu anayi pa silinda, yopanda turbo, compression 11 pa petulo wa 95 (nambala yosonyeza mmene petulo amapirira kugogoda). Chomwe chaipulumutsa ndi VVL, yomwe imalola injini imodzi kukhala ndi makamu (zitsulo zotsegula mavalavu) amitundu iwiri. Kamu yofatsa imagwira ntchito ukamayenda pang'onopang'ono, imatsegula mavalavu pang'ono, ndipo mafuta amapsa bwino. Ukaponda moto n'kudutsa cha m'ma 5500 rpm, kamu yaukali imalowa. Ndi nzeru yomwe Honda inabweretsa mu 1989 ndi VTEC pa injini ya B16A, ya 1.6 yotulutsa mahatchi 160. Yanga ikutulutsa 138 pa 7400 rpm, ndipo msakanizo ndausiya pafupi ndi 14.7 ya mpweya pa 1 ya petulo. Apa ndinatsika kufika pa malita 5.9.

Kenako ndinakakamira pa 5.9 masiku anayi. Ndinkasuntha kamu pang'ono, ndinkasintha nthawi ya moto wa mapulagi, ndinasinthanso ekisozi, koma nambala inkangosuntha ndi 0.05 basi. Maso anga onse anali pa injini, pomwe mafuta ankathera kwina.

Kwinako ndi mphepo. Mphamvu yomwe mphepo imakanira galimoto siikwera mofanana ndi liwiro. Ukawirikiza liwiro kawiri, mphepo imakana kanayi, ndipo mahatchi ofunika kuti uigonjetse amakwera kasanu ndi katatu. Ndiye galimoto yofuna mahatchi 12 kulimbana ndi mphepo pa 100, pa 200 ifuna 96. Nditazilemba papepala ndinaona chinthu chomwe chasintha ntchito yonse: liwiro lapamwamba ndi kusamwa mafuta zili ndi mdani mmodzi. Chilichonse chomwe ndingachotse pa mphepo ndilipidwa kawiri. Ndinasintha bodi n'kutenga yaifupi msinkhu, yotsetsereka kumbuyo. Ndinavindikira kunsi konse kuti mpweya usamakodwe mu ekisozi ndi m'mikono ya matayala. Chipiko chakumbuyo, chomwe ndinkachikonda kwambiri maonekedwe ake, ndinachichotsa. Mpweya wolowa ku radiyeta ndinauchepetsa mpaka pomwe nambala ya kulimba kwa injini inayamba kugwa, kenako ndinabweza pang'ono. Liwiro linachoka pa 207 kufika pa 219 osakhudza injini ngakhale pamodzi.

Kulemera sikunandivute kwenikweni. Mapanelo a aluminiyamu, mipando iwiri, wailesi yaing'ono, ndipo galimoto ili pa makilogalamu 880. Lotus Elise ya 1996 inali yopepuka kuposa apa, cha m'ma 725, koma ija inalibe pafupifupi chilichonse mkati, ndipo ine ndikufuna galimoto yoti munthu angayende nayo ulendo wautali osatopa. Aluminiyamu wakweza mtengo ndi nthawi yopangira, zimenezo ndazivomera.

Magiya ndiwo andipatsa chimwemwe chachikulu sabata ino. Poyamba ndinali ndi asanu, ndipo yachisanu inali yofikira liwiro lapamwamba, choncho pa 100 injini inkalira pa 3300 rpm. Tsopano ndaika asanu ndi imodzi. Liwiro la 222 likupezeka mu giya yachisanu, ndipo yachisanu ndi chimodzi ndi yoyendera basi: pa 100 injini ili pa 2500 rpm. Chifukwa chake n'chosangalatsa. Injini ya petulo ikamazungulira msanga koma phazi lili pang'ono pa moto, imataya mphamvu pokoka mpweya kudzera pa kampata kakang'ono, ngati munthu wopuma ndi mphuno yotsekeka. Ikamazungulira pang'onopang'ono khomo la mpweya lili lotseguka kwambiri, ntchito ndi yomweyo koma kutaya kumachepa. Giya imodziyi yandichotsera pafupifupi malita 0.3.

Pomwe liwiro ndi mafuta zikukanganadi ndi pa matayala. Nditaika opyapyala a mamilimita 155 m'lifupi, a mphira wolimba, gemu inandipatsa malita 5.1, ndipo ndinatsala pang'ono kulemba kuti ntchito yatha. Koma Automation imalola kutumiza galimoto ku BeamNG.drive, gemu ina yoyendetsa magalimoto, kuti ukaiyendetse wekha, ndipo kumeneko Namzeze anandiopsa. Pa kona yoyamba yothamanga kumbuyo kunayamba kuvina, chifukwa chipiko kulibe ndipo mphira sakugwira. Mabuleki nawonso ankatenga mtunda wautali kuti aime. Galimoto ya 220 yomwe sungayerekeze kudutsa nayo 150 sindingaitchule kuti yothamanga. Ndinabwerera ku 175, mphira wapakati, ndinaikanso kamlomo kakang'ono m'mphepete mwa buti. Malita 0.2 anabwerera, koma tsopano ikukhota mosadetsa nkhawa, ndipo 0 mpaka 100 ikutenga masekondi 7.6.

Ndiye otsala ndi malita 0.3. Mawa ndiyesa mapisitoni a low friction (osakhulana kwambiri ndi silinda), ngakhale sapirira rpm yokwera, choncho mwina ndidzatsitsa malire kuchoka pa 7800 kufika pa 7500 ndi kutalikitsa giya yachisanu pang'ono kuti 220 isathawe. Ndikufunanso kukweza compression kufika pa 11.4 ndione ngati petulo wa 95 apirire. Zikakanika ziwirizi, ndichotsa power steering, poti pa makilogalamu 880 ndi matayala a 175 chiwongolero sichingalemere kwambiri.