Malita 25, Lilongwe mpaka Blantyre

Ndinagona pamzere wa mafuta usiku wonse, kutacha n'kundithira malita 25 okha, ati aliyense apezeko. Mawa lake kunali chinkhoswe cha mlongo wanga ku Blantyre, mtunda wa makilomita oposa 300, ndipo panalibe wondilonjeza kuti ku Dedza kapena ku Ntcheu ndikapeza ngakhale dontho. Mmene ndinkayendetsera kale, mafuta amenewa akanandithera ndisanaone Lunzu.

Makaniki wanga atamva dandauloli anaseka. "Bwana, injini yanu ilibe mlandu. Chimamwa mafuta ndi phazi lanulo." Kenako anandilozera kandodo kamene kali kumunsi kwa chiwongolero, kudzanja lamanja. Zaka ziwiri chigulireni Toyota imeneyi kuchokera ku Japan, ndinali ndisanakakhudzepo. Ndiye cruise control imeneyo, chipangizo chosunga liwiro limene wasankha, iwe osaponda moto.

Ndinayambira pa matayala, m'mawa asanatenthe. Mlingo wa mpweya umalembedwa pakapepala komata pafelemu ya chitseko cha dalaivala, ndipo awiri akumbuyo ndinawapeza ofooka. Tayala lofooka limakakamira pamsewu, injini n'kumavutika kulikoka. M'buti ndinatsitsamo matumba awiri a laimu amene ndinkangoyenda nawo mwezi wathunthu, ndinamasulanso zitsulo zonyamulira katundu padenga. Pomaliza ndinabweza mita ya ulendo pa ziro.

Mutauni chipangizochi n'chopanda ntchito, sichigwira n'komwe liwiro likakhala lochepera makilomita 40 pa ola. Ndinadikira mpaka nditadutsa Nathenje. Ndinadina batani la ON kunsonga kwa kandodoko, nyale yobiriwira n'kuyaka padeshibodi. Ndinaponda moto mpaka singano itafika pa 80, n'kukankhira kandodoko pansi, pamene palembedwa SET. Kuchotsa phazi, galimoto osabwerera m'mbuyo. Kunena zoona mtima unagunda, zimakhala ngati wina wakulanda galimoto uli momwemo. Ndinaponda buleki pang'ono kuti ndione, pompo inamasuka. Kukankhira m'mwamba, pa RES, inabwerera yokha pa 80 paja.

Bwanji 80? Galimoto ikamathamanga imalimbana ndi mphepo, ndipo nkhondo yake simakula mofanana ndi liwiro. Ukawirikiza liwiro kawiri, mphepo imakukankha kanayi. Pa 120 imakankha kuposa kawiri mmene imachitira pa 80. Ndinazindikiranso khalidwe langa loipa: nyimbo ikakoma phazi limalemera, ndikamacheza limapepuka, singano n'kumangovina pakati pa 70 ndi 110. Kukwera kulikonse kumeneko ndi mafuta. Makina alibe nyimbo yowakomera.

Ulemu wake unathera pa zitunda zolowera ku Dedza. Cruise control sidziwa kuti kutsogolo kuli phiri, chimene imadziwa ndi nambala imene waipatsa basi. Chitunda chitangoyamba, liwiro litatsika pang'ono, inatsitsa giya yokha, injini n'kulira ngati ikukoka lole, singano ya marevu n'kulumpha. Mayi a kunyumba anadzidzimuka kutulo. "Abambo, mwaiphwanya?" Ndinakokera kandodoko kwa ine, pa CANCEL, n'kubwezera phazi. Chitunda chimafuna munthu woona patali: uwonjezere liwiro pang'ono usanachifike, pokwera usunge phazi pamalo amodzi, ulole singano itsike ngakhale kufika pa 60, zotsalazo ukabweza kutsidya potsetsereka. Kuyambira pamenepo mpaka kudutsa Lizulu ndi Ntcheu sindinaiyatsenso. Ndi mamakona, ndi misika ya m'mbali mwa msewu, kabaza apa mbuzi apo, ukanangokhalira kuyatsa ndi kuzimitsa.

Pamtsetse pali bodza limene madalaivala ambiri timapatsirana, loti ukaika giya pa N, pamene injini imalekana ndi matayala, ndiye kuti ukupulumutsa mafuta. Mwina pa galimoto zakale za kabuleta. Zamasiku ano, ukachotsa phazi giya ili m'malo, kompyuta imatseka mafuta, matayala ndi amene amazunguza injini. Ukaika pa N injini imayenera kumwa kuti isazime, komanso wataya mphamvu yake yothandiza mabuleki. Potsika kuchoka ku Ntcheu ndinangosiya pa D, phazi lili pambali pa buleki.

Chinanso n'kuyang'ana kutali. Ndikaona chikwangwani cha 50, mahampu kapena geti yolipirira ya pa Chingeni, ndinkachotsa phazi kudakali mtunda, galimoto n'kumafika yokha itafooka. Buleki iliyonse yamphamvu ndi mafuta amene wawotcha kale n'kuwataya.

Kuchoka pa Chingeni kulowera ku Phalula ndi Zalewa, kumene msewu wagona, ndi kumene cruise control inadya malipiro ake. Mabasi ankandipitirira ngati ndaima, wina wa Hilux anachita kundiimbira huta. Ndinawasiya. Kutentha kwa kuchigwa cha Shire kutayamba, tinakangana pang'ono za mawindo. Pa liwiro lotere mawindo otsegula amakoka mphepo, AC nayo imadya, choncho tinatseka n'kuiyatsa pang'ono, titawoloka mlatho wa pa Zalewa n'kuyamba kukwera ndinaizimitsa. Pa Lirangwe kunawaza mvula, ndipo apo cruise ndinaichotseratu. Pamsewu wonyowa sufuna makina oti tayala likaterereka iwo akupitiriza kuponda moto.

Tinalowa mu Blantyre mochedwa ndi mphindi pafupifupi 40 poyerekeza ndi masiku onse, nyale ya mafuta isanayake. Alamu anga, amene anali atasunga kale chigubu choti adzanditsatire nacho ku Lunzu, anasuzumira padeshibodi n'kufunsa kuti ndamwetsa kuti panjira.